Tsiku limene ndinapikisana ndi makina otonolera chimanga

Amayi anga atamwalira sanandisiyire mbuzi kapena nyumba ya malata. Anandisiyira munda wa kumunsi kwa mudzi ndi chimanga cha makolo chimene ankabzala m'mundamo chaka ndi chaka. Ankati mbewuyo inabwera ndi azigogo awo kuchokera ku Mozambiki. Kaya zinali zoona kaya ankangokometsa nkhani, sindinawafunse. Chimene ndikudziwa n'choti m'mudzi mwathu, kuno ku Mbulumbuzi, anthu anali atasiya kalekale cha makolo n'kutengeka ndi cha m'sitolo, ndipo khomo lotsala nacho linali lathu lokha. Zikonyo zake zinali zazing'ono, zina zokhota ngati nyanga ya mbuzi, njere zake zolimba gwa, zoyera koma apa ndi apo kanjere kofiirira. Anankafumbwe ankachedwa kuchilowa. Anzathu akamadandaula kuti matumba awo asanduka fumbi mvula isanagwe n'komwe, ife tinkakhala tikudyabe.

Kwathu mbewu sitinkasankhira kumunda ayi. Tinkasankha potonola. Chimanga tikasenda n'kututira kunyumba tinkachiunjika m'chipinda, kenako dzuwa likatuluka tinkatapako dengu n'kukhala nalo pamphasa. Pamenepo chikonyo chilichonse chimadutsa m'manja mwako. Chowola umachiona n'kuchiponyera nkhuku. Chokhala ndi mizere yowongoka, chodzaza mpaka kunsonga, umachiika pambali. Pa chimenecho njere za kunsonga ndi za kutsinde zimapita ku chakudya, za pakati zokha ndiye mbewu. Choncho mulu usanatonoledwe, mbewu ya chaka chamawa imakhala idakali momwemo, yosakanikirana ndi chakudya. Aliyense wobadwira pakhomo pathu ankadziwa zimenezi popanda womuuza.

Amuna anga sanabadwire pakhomo pathu. Anakulira ku Limbe, kumene chimanga chimafika chili kale m'thumba, ndipo kuno anabwera chikamwini. Amapalasa kabaza pa Njuli. Samwa, samenya, ndi munthu wachifundo ndithu. Ndikunena izi poyambirira chifukwa zimene anachitazo sanazichite ndi mtima woipa.

Chaka chimenecho ndinali ndi mwana wakumsana, ndipo kanali koyamba kukolola popanda amayi. Mulu unali m'chipinda, sindinauyambe. Tsiku lina la msika ndinapita ku Njuli kukagula mchere ndi sopo, ndipo pafupi ndi pamene akabaza amaimika njinga ndinapeza anthu ataunjikana. Pakati pawo panali makina obiriwira a chikamwa chachikulu pamwamba, injini yake ikulira kale. Mwini wake, bambo wonenepa wovala chipewa, anali ndi chinkuzamawu m'manja.

"Amayi anga, zala zanu zinalakwa chiyani?" ankafuula. "Chaka chilichonse matuza, chaka chilichonse zikhadabo kuthyoka! Abambo akakugwirani dzanja amayesa agwira chitsononkho!"

Anthu kuseka.

"Awa si makina, ndi mphezi. Ntchito imene mumakhalira nayo pansi mpaka msana kuuma, awa amaliza tiyi wanu asanazizire. Simukukhulupirira? Bwerani tiyese. Ndikufuna mayi mmodzi wodzidalira, amene kwawo amamutama kuti ali ndi manja."

Anzawo a amuna anga atandiona anayamba kukuwa. "Alamu awo! Alamu, pitani mukatichotse manyazi!" Ndinakana. Koma amuna anga anali pomwepo akumwetulira, foni ili kale m'manja.

"Pitani amake mwana, n'zocheza chabe."

Ndinapita. Anandiyalira thumba pansi, ndinakhala, mwana ali kumsana. Bamboyo anamasula thumba lake n'kutulutsa zikonyo. Zikonyo zotero sindinazionepo zikuchokera m'munda wa munthu mmodzi. Zonse msinkhu umodzi, zazitali, zowongoka, zouma mpaka njere zikugwedera zokha. Panalibe chowola, panalibe chokhota, panalibe chodyedwa ndi mbewa. Anandidzazira lichero, iye n'kutenga zochuluka chimodzimodzi.

"Wani, thu, fili!"

Ndinali ndisanamalize chikonyo chachiwiri pamene makina anameza zake zonse n'kulavula zitsononkho zoyera mbee. Anthu anaomba m'manja, ena kuimba likhweru. Mwana wanga anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

"Mwaona?" bamboyo anatero akundiloza. "Ameneyu ndi mayi wa manja. Nanga aulesi inu akanakusiyani kuti?"

Poimirira ndinamufunsa chapansipansi, "Bambo, nanga cha makolo, chaching'ono chija, chimathekanso?"

Iye sanandiyankhe chapansipansi. Anayankhira pa chinkuzamawu. "Mayiwa akufunsa ngati makina anga amasankha mtundu! Mayi, awa alibe tsankho. Mlomwe, Myao, Mngoni, onse amameza!"

Pamenepo ndiye anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina wachisilamu amene ankagulitsa nandolo chapafupi anakuwa kuti, "Tabweretsani cha m'munda mwa munthu tione!" Bamboyo anachita ngati sanamve, n'kuwonjezera moto wa injini.

Pobwerera amuna anga ananditenga panjinga. Njira yonse anali osangalala ngati apambana ndi iwo.

"Mwaziona zinthu zija? Ngakhale chachiwiri simunamalize."

"Ndaona. Koma chimanga anabwera nacho yekha."

"Nanga akanabwera ndi cha ndani?"

"Inu njinga iyi pogula munaiyesera pati? Pa tala potsetsereka, kumbuyo kopanda munthu?"

"Ayi, ndinakweza achimwene anga ndi katundu wawo, n'kukwera nayo mtunda."

"Basi. Makina ajanso ndikanakonda atakwera mtunda."

Anaseka mpaka njinga inadzandira. "Vuto lanu n'loti mwaluza pagulu, ndiye mukufuna pothawira."

Ndinazisiyira pomwepo. Ine si munthu wokonda kukangana panjira.

Kanema amene amuna anga anajambula pa foni tsikulo anayenda m'mudzi monse. Aliyense wobwera kudzacheza ankaonetsedwa. Ndinamuonera kambirimbiri mpaka ndinamuloweza. Amayamba injini ikulira kale, amatha anthu akuomba m'manja. Sasonyeza amene anasankha zikonyozo. Sasonyeza zimene anazisiya kunyumba chifukwa sizikanaoneka bwino pagulu. Sasonyeza njere zimene zinagwera m'thumba kuseri kwa makina, chifukwa bamboyo anamanga thumbalo msanga, ndipo palibe anapempha kupisamo dzanja. Amasonyeza ine ndekha nditawerama ndi chikonyo chimodzi, ndi makina akulavula. Koma munthu ukanena zimenezi amati ukuwawidwa mtima. Amuna anga ankangoti, "Zimene mwaona ndi maso anu mukuzikana?" Maso anga sindinkawakana. Ndinkangoti zimene ndinaonazo zinali lichero limodzi la chimanga chosankhidwa, pamene ntchito yanga inali mulu wa m'chipinda uja, ndi zowola zake ndi zokhota zake.

Kenako kunabwera chiperoni. Chifunga chinatsika kuchokera kuphiri n'kukhala, kamvula kosalekeza, zovala osauma, machesi osayaka. Nyengo yotero sutonola. Chimanga chimakhala chitakoka chinyezi, umadikira dzuwa. Ndi nyengo yomweyo imene mwana anayamba kutsokomola, kenako kupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Kuchipatala chaching'ono anatiuza kuti ndi chibayo, tipite kuchipatala chachikulu cha ku Boma. Potuluka m'nyumba, mwana ndamukulunga m'bulangete, ndinatembenuka n'kunena, "Chimanga chija musachikhudze, ndidzachiona ndikabwera." Sindinanene za mbewu. M'mutu mwanga munali kupuma kwa mwana, komanso ndani amauza munthu wa pakhomo kuti mbewu ili mu mulu?

Ku Boma tinagonekedwa. Amuna anga ankabwera ndi chakudya, nthawi zina atanyowa thupi lonse. Mwana atayamba kuyamwa bwino, tsiku lina anabwera maso ali psu ndi kutopa koma akumwetulira.

"Mukabwera kunyumba muzikangopuma."

"Ndikapuma bwanji ntchito ikundidikira?"

"Mukaona nokha."

Ndinayesa akunena za nkhuni kapena zochapa.

Titatulutsidwa, nditangolowa m'chipinda ndinapeza mulu kulibe. Pamalo pake panali matumba osokedwa bwino, ataimikidwa mondondozana kukhoma. Pansi posesedwa. Amuna anga anaima pakhomo kudikira kuti ndithokoze.

Ndinakhazika mwana pamphasa, ndinatenga mpeni n'kudula chingwe cha thumba loyamba. Nditapisa dzanja, m'katimo munali mofunda ngati m'khwapa. Chimanga chonyowa ukachitsekera m'thumba chimatentha chokha. Ndinatapa n'kupita nacho powala. Njere zambiri zinali zosweka pakati, zina zophwanyika, zakuda zowola zili momwemo, tizidutswa ta zitsononkho tili momwemo. Panalinso njere zazikulu zaphanthi za kachibowo pamutu, za chimanga cha m'sitolo, zimene m'munda mwanga sizinamerepo.

"Mbewu munapatula?"

"Mbewu yanji?"

"Yobzala."

"Simudzatapa m'thumba momwemo? Chimanga ndi chomwecho."

Sindinakuwe. Ndinakhala pansi pakhomo, chimanga chili m'manja, mpaka anazindikira okha kuti china chake chalakwika.

Mmene zinayendera ku Njuli sananene tsiku limenelo. Zinkatuluka pang'onopang'ono, lero kachidutswa, mawa kachidutswa. Anatuta mulu wonse panjinga, ulendo ndi ulendo, m'matope a chiperoni, n'kusiya kabaza masiku amenewo. Kumeneko anapeza mzere. Mafuta anathera pakati pa chimanga cha munthu wina, mwini makina anapita kukafuna, anthu anadikira mpaka kubalalika, n'kubwereranso mawa lake. Itafika nthawi yathu, zikonyo zazing'ono zinkangodutsa m'makina n'kutuluka ndi njere zake. Zokhota zinkatsamwa, injini kuzima, bamboyo kumazitokosa ndi mtengo. Kenako anatenga sipanala n'kumanga m'kati kuti mano agwire zazing'onozo. Atamanga ndiye anagwiradi, koma anayamba kuswa. Chinsalu choyala pansi chinali chimodzi cha anthu onse, ndipo zotayika ankazisesera kwa amene ali pamakina nthawi imeneyo.

"Nanga inu osamuletsa?"

"Ndinamuuza kuti achimwene, chikuswekatu ichi."

"Anati chiyani?"

"Anati makina alibe vuto, vuto ndi chimanga chanu. Sichinaume, komanso ndi chachikale. Anati anthu otsogola anasiya kubzala zimenezi."

"Tsiku lija ankati alibe tsankho."

Ndinafunsa za zitsononkho, poganiza kuti mwina pa zimene zinatuluka ndi njere ndingapezepo mbewu yosasweka. Anati anazisiya komweko, zinali zolemera kubwerera nazo, ndipo pofika mawa lake mbuzi za pamsika zinali zitamaliza.

Dzuwa litabwerera ndinakhuthula matumba onse pamphasa ndi pa zitenje. Ndinayanika, kupeta, kusankha zowola njere imodziimodzi, mwana wochira kumene ali pamiyendo. Chowola chikakhala pachikonyo umachitaya ndi dzanja limodzi. Chikatonoledwa n'kusakanikirana ndi chabwino, umachisaka ngati nsabwe. Ntchito imeneyo inanditengera nthawi yaitali kuposa imene ndikanatonolera mulu wonse ndi zala zanga zomwe bambo uja ankazimvera chisoni. Chosweka chija anankafumbwe sanachedwe nacho, chifukwa khomo anapeza lotsegula kale. Amuna anga akaweruka ankakhala nane n'kumasankha nawo. Kanema uja anamufufuta mu foni, koma anali atafika kale m'mafoni a ena.

Posankhapo ndinkaika pambali njere zimene zinkaoneka zathunthu, zozungulira, zolimba, makamaka zofiirira zija chifukwa zimenezo ndinkadziwa kuti ndi zathu. Koma njere ikachoka pachikonyo sudziwanso kwawo. Sudziwa ngati inali ya pakati kapena ya kunsonga, ya chikonyo chabwino kapena chodwala. Sudziwanso ngati kutentha kwa m'thumba kunaipha m'kati. Ndinadzaza kachitini, ndinathiramo phulusa, n'kukasunga pamwamba. Ndinayendanso kwa achibale a amayi kufunsa ngati wina anasungako. Azakhali ena anandiseka. "Mwana iwe, cha makolo lero? Tinkabwera kudzapempha kwa amako, tikafuna kukumbukira kukoma kwake."

Tsiku lina la msika ndinamupezanso bambo wa makina pamalo pake pomwe paja. Nthabwala zomwe zija, mtsikana wina atakhala pathumba ndi lichero, zikonyo zowongoka zija. Ndinaima kumbuyo kwa anthu. Makina atalavula, mayi amene anali pambali panga anandigwira mkono.

"Asisi, mwaona liwiro limenelo?"

"Ndinaliona. Changa anachiswa."

"Aa, mwina chanu chinali chonyowa."

"Chinalidi chonyowa. Chanu chimakhala chouma nthawi zonse?"

Anandiyang'ana, n'kusiya mkono wanga, n'kusunthira kutsogolo kuti aone bwino. Bamboyo sindinamulankhule. Ndikanati chiyani? Chinkuzamawu chinali ndi iye. Ndipo akanandiuza zoona zokhazokha: kuti makina anandipambana, kuti anthu anaona, kuti palibe anakakamiza amuna anga kupititsako chimanga. Bodza lake silinali m'mawu amene ananena. Anasankha yekha poyesera, pamalo posalala, ndipo mitunda yonse anaisiyira ife kuti tikaipeze tokha ndi chakudya chathu.

Mvula yobzalira itagwa ndinatsitsa kachitini kaja. Sikanakwane munda wonse, ndiye ndinabzala chigawo cha kumtunda, kumene nthaka ndi yabwinoko. M'mawa uliwonse ndinkapita kukayenda m'mizere. Minda ya anzanga inabiriwira mzere ndi mzere. Wanga unamera apa kamodzi, uko kamodzi, pakati pali mapando ambiri opanda kanthu. Ndinafukula ena ndi chala. Njere zinali momwemo, zofewa, zonunkha, zosatulutsa ngakhale kamuzu.

Amuna anga anabwera ndi paketi ya mbewu ya m'sitolo n'kuiika pakhonde. Inakhala pamenepo, ine ndikuidutsa. Ndinkadziwa kuti ndikabzala imeneyo m'mapando osamerawo, ngayaye zikadzatuluka mphepo idzasakaniza zonse, ndipo zochepa zimene zamerazo sizidzabalanso za mtundu wake. Munda wina wapatali woti ndipatulireko ndinalibe. Koma mvula sidikira, ndipo mwana anali atayamba kudya phala. Ndinatsegula paketiyo. Mbewu yake inali yopakidwa mankhwala ofiira, manja anga anakhala ofiira mpaka madzulo.

Tinakolola ndithu. Chaka chimenecho palibe anakhudza mulu. Ndinatonola ndekha pamphasa, ndipo za kumtunda ndinaziika pazokha. Ndinapezamo zikonyo zingapo zooneka ngati za amayi, zazing'ono, za kanjere kofiirira, koma pa chikonyo chomwecho pali njere zina zaphanthi za kachibowo. Ndinasankha zimene ndikanatha, ndinabzalanso chaka chotsatira, n'kumadziuza kuti mwina zibwerera.

Pa zokolola zachiwirizo ndinatenga zabwino kwambiri n'kukathira mumtondo kuti ndikonole. Cha makolo ukachikonola chimalimbana ndi munsi, gaga amachoka koma njere imatsala yathunthu, mphale yake yonyezimira, yolira ukaikhuthulira m'lichero. Ndinawaza madzi n'kuyamba. Munsi unangolowa ngati ndikusinja chinangwa chouma. Nditapeta, gaga ndi ufa zinauluka pamodzi, m'lichero munatsala tizidutswa toyera tofumbutuka.

Amuna anga anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Anadzutsa mutu.

"Chabwerera?"

"Ayi."

"Mwina chaka chamawa."

"Palibenso chobwerera. Chatha."

Anabwerera ku chubu chawo. Ine ndinakhuthulira tizidutswato m'beseni n'kuthiramo madzi kuti tiviike, chifukwa ngakhale totero timadyedwa.